Mayi Amene Ankakana Kutchedwa Anyina Yesaya

Mwezi wathawu tinavundukula chiliza cha agogo anga, AnyaMhone, patatha chaka chiwaikireni m'manda. Anthu a ku Chikale, kumene agogo ankakhala, ndi a mumsika anabwera ambiri. Nsalu itachotsedwa, anawerenga mayina a ana awo amene tinalemba pamwalapo, ndipo kunong'onezana kunayamba. Dzina loyamba silinali la bambo anga, a Yesaya, amene tauni yonse ya Nkhata Bay imawadziwa kuti ndiwo oyamba kubadwa. Pamwamba pa dzina lawo panali lina: Lusungu. Mayi wina amene ankagulitsa ufa moyandikana ndi agogo anandikokera pambali n'kundifunsa ngati wosema mwalayo anasokoneza ndi wa banja lina. Sanasokoneze. Bambo anga ndiwo analamula kuti dzinalo lilembedwe pamenepo, ndipo kuti munthu amvetse kukula kwa zimene anachitazo, ayenera kuyamba wawadziwa mayi amene anawabala.

Kwathu kuno mkazi akabereka, dzina lake limaphimbika ndi la mwana wake woyamba. Timati anyina uje, kutanthauza mayi ake a uje, ndipo ndi ulemu umene mkazi aliyense amaulandira ndi manja awiri. AnyaMhone anaukana moyo wawo wonse. Munthu akawaitana kuti anyina Yesaya, sankakalipa ndipo sankamuwongolera; ankangopitiriza kuyeza ufa wa kondowole m'mbale ngati kuti kwangodutsa mphepo. Wogula ankatha kuima mpaka miyendo kuwawa. Akangonena kuti AnyaMhone, ankatukula maso n'kumufunsa kuti akufuna wochuluka bwanji. Amayi a mumsika anazolowera, ndipo mlendo akalakwitsa ankamuseka kuti, "Mwagogoda khomo lolakwika, zungulirani kuseri."

Anali mayi wamfupi, wa mapewa otambalala, woyenda mofulumira ngakhale pamene anayamba kugwira ndodo. Sankakonda mawu ambiri. Ankanena kuti wolankhula kwambiri pamaliro ndiye amene sankamudziwa womwalirayo, ndiponso kuti nsomba yabwino sifuna woitanira malonda. Ku tchalitchi ankakhala benchi yakumbuyo, koma mawu awo ankamveka kuposa a okhala kutsogolo. Tsiku lina mkulu wa mpingo anadzudzula pagulu mtsikana amene anatenga mimba asanakwatiwe. Agogo anamudikirira mkuluyo panja n'kumuuza kuti chilango chikhoza kudikira koma mimba sidikira, kenako anamugwira dzanja mtsikanayo kupita naye kwawo. Mkuluyo ndi agogo sanapatsanenso moni mpaka mwanayo atabatizidwa.

Chizolowezi chawo chachikulu chinali cha tsiku la sitima. Sitima ya Ilala ikamachokera kumpoto, ankafunditsa ufa wawo ndi chiguduli n'kutsikira ku doko. Pafupi ndi potulukira anthu pali mwala wathyathyathya, ndipo onyamula katundu onse ankadziwa kuti ndi wawo. Atakhala pamenepo sankayang'ana nkhope za otsika; ankayang'ana mimba. Midzi ya kumpoto kwathu, monga Ruarwe, ili pansi pa mapiri ogwera m'nyanja, ndipo kwina kulibe msewu. Mkazi wa kumeneko wofuna kukachilira ku chipatala chachikulu amabwera masiku ake asanakwane n'kudzadikira. Agogo akaona wotere akuyang'ana uku ndi uku, ankanyamuka, kumulanda mtolo, n'kungoti, "Tiyeni kunyumba." Sankafunsa mtundu, mpingo kapena dzina la mwamuna. Akamva kuti wachokera ku Ruarwe, ankapha nkhuku.

Alendo amenewa ankagona m'chipinda cha kumbuyo, ndipo chipindacho chinali cha bambo anga. Apa ndi pamene zinthu ziwirizi zinakumana n'kukhala bala limodzi. Mwana amene mayi ake ankakana kudziwika ndi dzina lake ndiye yemwenso ankatuluka ndi mphasa ndi mabuku kukagona kukhitchini kuti mlendo apeze malo. Bambo anakula, anaphunzira, anakhala mphunzitsi wamkulu mpaka kupuma pantchito, koma sanasiye kufunafuna chimene analakwa. Poyamba ankaganiza kuti mwina si mwana wawo weniweni. Galasi litawaonetsa mphuno ya AnyaMhone pankhope pawo, anatsala ndi yankho lowawa kuposa loyambalo: kuti ndi mwana wawo ndithu, koma mayi ake sakondwera naye.

Tsiku limene bambo anakwatira mayi anga, woyendetsa mwambo anali munthu wa ku Mzuzu amene sankadziwa kanthu. Anaitana anyina Yesaya kuti aimirire anthu awaone. Anabwerezanso, anthu onse m'holo akuyang'ana mayi wamfupi amene anali phee, manja ali pamaondo. Azakhali anga a Esitere, amene amapondana ndi bambo, ndiwo anathamanga kukamunong'oneza munthuyo. Atangotchula kuti AnyaMhone, agogo anaimirira n'kuvina bwino kuposa aliyense. Azakhali amati tsiku limenelo anaona mkwati akumwetulira ndi mano okha.

Ulendo wa pa sitima unali ganizo la ife adzukulu. Agogo anali atayamba kufooka, ndipo tinaona kuti pa Tsiku la Anakubala la chaka chimenecho tisangowagulira chitenje monga mwa nthawi zonse. Tinafuna kuti mibadwo inayi ikwere sitima limodzi: iwo, ana awo, ifeyo, ndi mwana wanga wamkazi amene anali asanayambe kuyenda. Tinasankha kupita ku Likoma. Pokonzekerapo ndi pamene tinazindikira chinthu chachilendo: mayi amene anakhala pa doko zaka zonsezo, palibe mmodzi wa ife amene anawaonapo atakwera sitimayo.

"Ku Likoma ndinasiyako chiyani?" anatifunsa titawauza. "Ngati mukufuna kundikweza, mundikweze yopita kumpoto."

"Kumpotoko kuli chiyani, Ama? Miyala yokhayokha," anatero azakhali.

"Ndiye ndikaone miyalayo. Nkhope zanuzi ndaziona zakwana."

Tinasintha, n'kukonza zokafika ku Chilumba ndi kubwerera ndi sitima yomweyo. Koma bambo anali ndi cholinga chawo. Anakasindikizitsa matisheti a banja lonse ndi chitenje cha agogo, zonse zokhala ndi chithunzi chawo, ndipo pansi pa chithunzicho analembetsa kuti Anyina Yesaya. Ndinawachenjeza kuti zimenezi zikhoza kuwononga ulendo.

"Ndili ndi imvi, mwanawe," anandiyankha. "Ndikufuna ndimve kamodzi kokha asanapite. Pakati pa nyanja sangathawire mumsika."

Pamenepo ndinadziwa kuti sitikupita kukangosangalala. Munthu wa zidzukulu ankapita kukapempha mayi ake kuti amuvomere.

M'mawa wa ulendo, tili pa doko, agogo anafunyulula chitenjecho n'kuchiyang'ana nthawi yaitali. "Nkhopeyi ndi yanga," anatero. "Wojambulayo wandichotsera zaka, Mulungu amudalitse." Kenako anachitembenuza n'kuchivala zolemba zili mkati. Bambo anayang'ana kumadzi.

Ndakhala m'mbali mwa nyanjayi moyo wanga wonse, koma sindinkadziwa mmene dziko lathu limaonekera kwa munthu amene ali pamadzi. Titangotuluka m'doko, mapiri anayamba kukula. Amatsika molunjika, opanda chigwa, ndipo midzi imakakamira m'munsi mwake ngati ikuopa kutsetsereka. Kutali chakum'mawa kunaima mizati ya nkhungu, tizilombo touluka timene timatuluka m'madzi, yakuda ngati utsi wa moto umene palibe anauyatsa. Ana anathamangira kumeneko kukajambula ndi mafoni. Agogo sanatembenuke. Mpando umene tinawaikira pamwamba pa sitima anaukokera kumbali ya kumtunda, nkhope ili ku mapiri, milomo ikugwedera ngati munthu amene akukumbukira njira. Chakudya chimene tinakonza sanachikhudze. Azakhali anayambitsa nyimbo ya ku tchalitchi, adzukulu tinalankhula mawu athu oyamikira, ndipo bambo, amene anayenera kulankhula pomaliza, ankangoti tidikire kaye.

Dzuwa lili pamutu tinafika pa Ruarwe. Pamenepo palibe doko. Sitima imaponya nangula patali n'kutsitsa maboti amene amatenga anthu ndi katundu kupita kumtunda. Agogo anaimirira, anamanganso chitenje, n'kupempha ndodo yawo.

"Ndikutsika."

"Ama, pano sitikutsika," anatero bambo.

"Inu ndi amene simukutsika."

Wogwira ntchito m'sitima anawafotokozera mwaulemu kuti boti lomaliza likabwerera sitima inyamuka, ndipo wotsala adzadikira mpaka idzadutsenso.

"Ndiye musandichedwetse ndi kufotokoza," anatero agogo.

Sindidzaiwala mmene anatsikira makwerero aja. Ndi opapatiza, olendewera m'mbali mwa sitima, ndipo boti pansi pake limakwera ndi kutsika ndi mafunde. Ngakhale achinyamata amatsika mtima uli m'mwamba. Mayi amene kunyumba ankafuna womugwira dzanja kuti akwere pakhonde anapereka ndodo kwa azakhali, anatembenuka, n'kuyamba kutsika chambuyo, phazi limodzi likufunafuna chitsulo, linzake likulitsatira. Amalonda amene anali kale m'botimo anasiya kukanganirana malo. Manja anakwera okha kukawalandira. Atafika pansi, bambo wina wachilendo anavula chipewa. Ine ndinatsika mwana ali kumsana, azakhali pambuyo panga, ndipo bambo anabwera pomaliza akung'ung'udza.

Boti silifika pouma. Linaima madzi ali olekeza m'maondo, ndipo bambo anapinda thalauza, anawerama, n'kuwanyamula mayi awo kumsana mpaka pamchenga.

"Msana wakowu unafewa ndi mipando ya kusukulu," anatero agogo ali kumsanako.

"Inunso simunapepuke, Ama."

Agogo anatitsogolera osafunsa njira, kutsata kamtsinje kamene kamatsika m'phirimo. Titapitirira nyumba zomaliza, anaima n'kuwauza bambo kuti mwamuna sapitirira pamenepa. Bambo anaima osatsutsa. Anali atazolowera kutsala kunja. Tinayenda pang'ono, kenako agogo anaimanso n'kutembenuka. Anamuyang'ana mwana wawo ataima yekha padzuwa ndi tisheti yake ija.

"Yesaya, bwera. Lamulo limeneli linandilanda mwana mmodzi. Lisandilandenso wachiwiri."

Bambo anabwera. Agogo ankafunafuna mtengo wa mkuyu, koma mtengowo kunalibenso. Panali munda wa chinangwa. Anayenda pakati pa mizere akugogoda pansi ndi ndodo, kenako anaima pamalo onyowa pafupi ndi madzi. "Pano, kapena apo," anatero. "Dothi ndi lomweli." Ndipo anafotokoza ali chiimire, mwa mawu ochepa monga mwa chikhalidwe chawo.

Ali mtsikana wongokwatiwa kumene, ankakhala ku Chilumba kumene agogo aamuna ankagwira ntchito. Mimba yoyamba itakula, anakwera sitima yomweyi kuti akachilire kwathu ku Nkhata Bay. Matenda anawayamba panjira, miyezi isanakwane. Amayi okwera nawo anawatsitsa pa Ruarwe, ndipo amayi a pamudzipo, amene sankawadziwa ngakhale dzina, anawalandira, anawachiritsa, n'kuwasunga. Anabadwa mwana wamkazi, ndipo anakhala moyo mpaka m'mawa mwake. Pa mwambo wa nthawi imeneyo, khanda lomwalira lisanatulutsidwe m'chikuta silinkawerengedwa. Ankaliika amayi okhaokha, pamalo onyowa, popanda nyimbo, popanda dzina, ndipo mayi wake ankaletsedwa kulira kuopa kuti sadzaberekanso. Atafika kwathu ndi sitima yotsatira ali chimanjamanja, apongozi awo anawauza pa doko pomwepo kuti nkhaniyo yatsala komweko, isadzatchulidwenso.

"Koma anayamwa," anatero agogo. "Anandigwira chala, anayamwa. Woyamwa ndi munthu. Ndinamutcha Lusungu mumtima mwanga, chifukwa cha chifundo cha amayi a pano. Iwe utabadwa, anthu anayamba kuti anyina Yesaya, anyina Yesaya. Ndikanavomera, ndikanamukwirira kachiwiri."

Bambo anayang'ana pamalo onyowa paja. Atalankhula, mawu awo anali a munthu wina.

"Bwanji simunandiuze, Ama?"

"Poyamba ndinkaopa. Kenako ndinkati wamoyo amapirira. Uyu analibe wina womusungira malo koma ine."

"Ndinapirira, koma zinkawawa."

"Ndikudziwa. Ndinkakuona kukhitchini kuja."

Atatero agogo anakhala pansi, anatambasula miyendo monga amachitira amayi pamaliro, n'kuyamba kulira. Ndinali ndisanawamvepo akulira, ngakhale pa maliro a amuna awo. Kunali kulira kwa mtsikana kotuluka m'thupi la nkhalamba, ndipo phiri linkakubweza. Amayi amene ankachapa ndi kuviika chinangwa kumtsinjeko anasiya ntchito zawo. Anabwera manja ali onyowa, anakhala pansi motizungulira, n'kuyamba kulira nawo. Palibe amene anafunsa kuti wamwalira ndani, kapena liti. Panalibe ngakhale mmodzi wamkulu mokwanira kuti akumbukire tsiku lija. Anali adzukulu a amene anawalandira agogo kalelo, ndipo anachita zomwezo zimene agogo awo anachita: anamusenzera mlendo asanamudziwe. Ine ndinaima pamenepo mwana wanga akupuma kumsana kwanga, ndipo ndinachita mantha a mtundu umene munthu amachita m'nyumba ya Mulungu.

Hutala wa sitima analira. Bambo anavula tisheti yawo, anaitembenuza, n'kuivalanso zolemba zili mkati. Kenako anagwada pafupi ndi mayi awo.

"Anyina Lusungu, sitima ikuitana."

Agogo anatukula maso nthawi yomweyo, monga ankachitira mumsika munthu akagogoda khomo loyenera.

"Ndamva, mwanangu. Werama undinyamule."

Tinalipeza boti lomaliza akulikankha kale.

Ndaganizira kwambiri ngati agogo anachita bwino, ndipo yankho losavuta ndilibe. Mantha awo oyamba ndi omveka: mtsikana amene wauzidwa kuti misozi itseka mimba yake sangayese dala. Koma mantha amenewo anatha ntchito atabereka womaliza, ndipo iwo sanalankhulebe. Ndikuona kuti pofika nthawi imeneyo kukhala chete kunali kutasanduka manda okhawo amene mwanayo anali nawo, ndipo sankadziwa kuti angakusiye bwanji popanda kumutaya. Zotsatira zake zinali ziwiri, ndipo chimodzi sichifafaniza chinzake. Alipo anthu ambiri m'midzi ya kumpoto, ena ndi makolo tsopano, amene anabadwa bwino chifukwa mayi awo anapeza pogona ku Chikale. Aliponso munthu mmodzi amene anakula akukhulupirira kuti mayi ake amachita naye manyazi. Bambo anandiuzapo kuti mawu ochepa chabe, akanauzidwa ali mnyamata, akanawapatsa moyo wina. Ananena zimenezi popanda mkwiyo, koma ananena.

Titabwerera, agogo sanalole kuti nkhaniyi ituluke m'banja. "Mudzalembe pamwala," anatero. "Anthu akamadzawerenga, ine sindidzakhalapo kuti andivutitse ndi mafunso." Miyezi imene inatsalayo bambo ankapita ku Chikale tsiku lililonse. Ankafika pakhonde n'kuitana dzina lija motsitsa mawu, ndipo kuchokera m'nyumba ankayankhidwa asanamalize. Ankakanganabe za denga, za ndale, za mchere wochuluka m'ndiwo. Koma ndinkaona kuti bambo ankachoka pamenepo akuyenda ngati munthu amene watula mtolo.

Malo awo a mumsika anatengedwa ndi wina maliro atangotha. Msika sulira nthawi yaitali. Mwala wa pa doko ndiwo palibe amene waukhudza. Onyamula katundu amaika matumba awo mouzungulira, ndipo mwana akakwerapo amamutsitsa. Pakati pake pali posalala, pamene chitenje chinapukuta zaka zonsezo. Masiku ano kuchipatala kuli nyumba yodikiriramo amayi oyembekezera, koma alipobe amene amatsika sitima opanda wowaperekeza, osadziwa kolowera. Pa tsiku la sitima bambo amatsikira ku doko atavala jekete yawo ya kusukulu. Sakhala pamwalapo. Amaima pambali pake.

Sabata yatha ndinali nawo pamene mayi wina wa mimba yaikulu anatuluka pachipata, mtolo uli pamutu. Anayang'ana mwalawo, kenako anayang'ana ife.

"Kwathu anandiuza kuti ndikafunse mayi amene amakhala pamwala apa."

"Anatisiya," anatero bambo. "Koma nyumba ilipo, ndipo chipinda n'chosesa."

"Nanga inu ndinu ndani wawo?"

"Ndine mwana wawo wachiwiri."

Anamulanda mtolowo n'kutsogola njira ya ku Chikale. Ine ndinatsalira pang'ono. Anthu anatha kutuluka, chipata chinatsekedwa, ndipo mwalawo unatsala padzuwa, wofunda ngati kuti wina wangonyamukapo kumene.